Kodi Chithunzi Chinganame?

M'nyumba zambiri za kuno ku Mulanje, kuyambira ku Chitakale mpaka ku Muloza, mukakweza maso pakhoma mupeza zithunzi ziwiri zitapachikidwa moyandikana. China ndi cha Mtima Woyera wa Ambuye Yezu. Chinacho ndi cha agogo aamuna ali mnyamata, atavala suti ndi chipewa, dzanja atalitsamiritsa pa wailesi, m'nyumba yojambulira ya ku Johannesburg. Adzukulu a agogo amenewa nawonso ali ku Joni lero, koma zithunzi zawo sizipachikidwanso pakhoma. Zimafika pa foni kudzera pa WhatsApp, ndipo tsiku limodzi zingathe kufika khumi. Zooneka m'menemo kawirikawiri ndi zitatu: nyumba zosanja zonka kumwamba, misewu yodzaza anthu ndi magalimoto, ndi mbale ya chakudya chimene kwathu kuno timachilawa pa Khirisimasi pokha.

Funso limene ndifuna kuti tiganizire pamodzi mwezi uno, awerengi okondedwa, ndi ili: kodi chithunzi chinganame? Ambiri adzayankha kuti iyayi. Munthu amanama ndi pakamwa, koma kamera iribe lilime. Imangotola zimene ziri patsogolo pake. Nyumbayo iripodi, msewuwo ulipodi, ndipo nkhukuyo inalidi m'mbalemo. Pano sindiri kunena za zithunzi zimene anthu amazisintha ndi kompyuta, pakuti kuipa kwa chinyengo chotere mwana yemwe akudziwa. Ndiri kunena za chithunzi chenicheni chimene palibe anachikhudza.

Wojambula ndi mboni

Chithunzi chirichonse chiri ndi malire anayi, ndipo woika malirewo ndi munthu. Ndiye amasankha poima, ndiye amasankha koloza, ndiyenso amasankha chithunzi chotumiza ndi chithunzi chofufuta. Motero wojambula ali ngati mboni pabwalo la milandu kwa amfumu. Mboni ikanena kuti, "Ndinamuona uje akutuluka m'munda wa chinangwa usiku," n'kukhala chete osanena kuti munthuyo anali kupirikitsa nguluwe, mawu ake onse ndi oona, komabe bwalo lonse lanamizidwa. Augustine Woyera, amene analemba za bodza zaka zoposa 1,600 zapitazo, anaphunzitsa kuti bodza limayambira mumtima wa munthu wofuna kuti mnzake akhulupirire chimene iye mwini adziwa kuti sichiri choncho. Chifukwa chake lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama, limafikanso pa chala chimene chimadina foni.

Ife a ku Mulanje tiyenera kumva zimenezi msanga kuposa anzathu, popeza kwathu kuno n'kojambulidwa kwambiri. Chaka ndi chaka alendo ochokera kutali amafika ku Likhubula, nasamba pa Dziwe la Nkhalamba, ena nakwera mpaka pa Sapitwa, pa mamita 3,002. Ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri lathuli m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Pa zithunzi zonse zimene alendowa amatola, chokondedwa ndi chimodzi: minda ya tiyi yobiriwira, yosalala ngati mphasa, mayi ali ndi dengu kumsana akumwetulira, phiri liri kumbuyo kwake.

M'chithunzi chimenechi mulibe chonama. Koma ife eni dera tidziwa zimene zatsala kunja kwa malire. Tidziwa kuti chiyambire pamene Henry Brown anabzala tiyi ku Lauderdale mu 1891, mindayi inakula ndi thukuta la thangata, makamaka la Alhomwe amene anali kuoloka malire kuchokera ku Mozambique. Tidziwa kuti kuseri kwa esiteti kuli mabanja olima kamunda kosatha kuwadyetsa chaka chathunthu. Tidziwanso kuti mayi womwetulirayo anadzuka kusanache, anathyola masamba mvula iri pamsana, ndipo mtima wake unali pa sikelo yoyezera dengulo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Iye amachoka ndi chithunzi chake, nakauza anzake kuti waona anthu okhala m'munda wa Edeni. Tikamva zotere timapukusa mitu. Tsono taonani: pamene chithunzi cha ku Johannesburg chafika pa foni yathu, mlendo uja tsopano ndife. Tiona za m'kati mwa malire, za kunja sitizidziwa.

Suti ya agogo ndi kamera ya Ernest Cole

Nkhaniyi siinayambe ndi mafoni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali kugwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, atalembedwa ndi Wenela. Zithunzi zimene anali kutumiza kumudzi zinali za masuti, njinga ndi mawailesi. Za m'komboni, m'mene amuna ambirimbiri anali kugona m'chipinda chimodzi pa mabedi a simenti, sizinali kufika kuno. Amene anazionetsa ku dziko anali mnyamata wina wakuda wa komweko, Ernest Cole, amene anali kulowa m'makomboni atabisa kamera m'kathumba ka kamba wa masana. Chimodzi mwa zithunzi zake chimaonetsa mzere wa amuna akuluakulu, abambo a mabanja, ataimikidwa maliseche, manja ali m'mwamba, kudikira kuyezedwa ndi dokotala wa mgodi. Cole anathawa m'dzikomo mu 1966, buku lake la zithunzi lotchedwa House of Bondage linatuluka mu 1967, boma la tsankho linaliletsa, ndipo iye anafera ku New York mu 1990 osaonanso kwawo.

Zithunzi ziwirizi, cha suti ndi cha mzere uja, zingathe kukhala za munthu mmodzi yemweyo, ndipo zonse ndi zoona. Koma ku midzi yathu kunafika chimodzi chokha, ndipo anyamata anali kuchiona n'kuthamangira kukalembetsa. Zina za kunja kwa malire zinamveka m'dziko muno pa 4 April 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74 amene anali kubwerera kwawo. Dr. H. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a m'migodi. Ntchitoyo inayambanso mu 1977, n'kudzatheratu mu 1988. Wenela anatha, koma ulendo wa ku Joni sunathe. Lero anyamata ndi atsikana amapita okha pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ena opanda chilolezo chogwirira ntchito.

Nyumba ziwiri za mu mzinda umodzi

Pakati pa Johannesburg pali nyumba yotchedwa Carlton Centre, ya nsanjika 50, yotalika mamita 223, imene inamalizidwa mu 1973 ndipo kwa zaka zoposa 40 inali yaitali kuposa nyumba zonse mu Africa. Mlendo akafika mumzindamo, n'kovuta kuti asaijambule. Koma mukayenda pansi mphindi zowerengeka kuchokera pamenepo, mufika pa nambala 80 mu Albert Street. Nyumba ya pamenepa inali ofesi ya ziphaso m'nthawi ya tsankho, kumene anthu akuda anali kuima pamzere kupempha chilolezo chokhala mumzinda. Pambuyo pake inasanduka malo osungirako amayi ozunzidwa, niitchedwa Usindiso, ndiye kuti chipulumutso. Kenaka inagwa m'manja mwa anthu ena amene anaigawa tizipinda ta matabwa ndi makatoni, namalipiritsa lendi amphawi osowa kolowera. Usiku wa pa 31 August 2023 nyumbayo inapsa, ndipo anthu 76 anafa. Pakati pawo panali Amalawi ambiri.

Tsono tidzifunse mosabisa. Pa mabanja amene analira maliro amenewa, ndi angati amene anali ataonapo chithunzi cha kachipinda kamene mwana wawo anali kugonamo? Ndipo ndi angati amene anali ataona zithunzi za nyumba zazitali zowala magetsi? Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mzinda ndi umodzi womwewo, koma foni imaloza kumwamba nthawi zonse. Chimodzimodzinso ndi mbale ija: mwina inadyedwa tsiku lolandira malipiro, pamene masiku ena onse a mweziwo anali a buledi ndi madzi a shuga.

Kubisa ndi kunyenga

Apa wina angandidule mawu n'kunena kuti, "Abambo, mukuweruza ana athu mwankhanza. Kodi mufuna kuti mwana atumizire mayi wake wodwala mtima chithunzi cha makoswe a m'chipinda mwake?" Funso limeneli ndi lolemera, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Ana ambiri amatumiza zokoma zokhazokha chifukwa cha chikondi, kuti makolo agone tulo. Enanso amatero posunga ulemu wawo, ndipo ulemu wa munthu si chinthu chopepuka. Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku pa Mishoni ya Blantyre ndiponso mmodzi mwa anthu oyamba a dziko lino kugwira kamera, anajambula John Chilembwe ndi banja lake atavala bwino lomwe, m'nthawi imene azungu ambiri anali kujambula munthu wakuda ngati chinthu chodabwitsa cha m'tchire. Zithunzi zimenezo zinali kunena kuti, ifenso ndife anthu. Agogo aja ovala suti anali kunena mawu omwewo kwa mgodi umene unali kuwaitana ndi nambala. M'menemo mulibe tchimo.

Eklezia nayenso saphunzitsa kuti tiyenera kuuza munthu aliyense zonse. Pali zoona zina zimene mwini wake ali ndi ufulu wozisunga mumtima. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha 1963 chonena za njira zofalitsira nkhani, chotchedwa Inter Mirifica, unafuna kuti nkhani yoperekedwa kwa anthu ikhale yoona ndi yokwanira, koma mosaphwanya chilungamo ndi chikondi. Choncho kubisa mavuto ako kuti mnzako asavutike n'kosiyana ndi kumunyenga.

Nanga malire a ziwirizi ali pati? Ine ndiona kuti ali apa: pamene munthu wina ayamba kumanga moyo wake pa chithunzi chako, choonadi chasanduka ngongole imene uyenera kumulipira. Mng'ono wako akati asiye sukulu ali Fomu 3 chifukwa cha zithunzi zako. Atsibweni akati agulitse mbuzi za mbumba yonse, kapena kupinyolitsa kamunda komwe kaja, kuti apezere mphwawo ndalama ya ulendo. Mlongo wako akati asiye mwana woyamwa kwa agogo n'kukutsatira, pamenepo kukhala chete kwako kwaleka kukhala chikondi. Uyenera kuwauza za lendi, za masiku osowa ganyu, za kuthawa apolisi, za msasa wa Lindela ku Krugersdorp kumene amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Uyenera kuwakumbutsa za 2008, pamene anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zodana ndi alendo, ndi za 2015, pamene boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Akamva zonsezi n'kusankhabe kupita, apite ndi madalitso, pakuti n'zoona kuti ena apezako thandizo, namanga nyumba zamalata ndi kuphunzitsa abale awo. Koma apite akudziwa. Kumulola munthu kusankha ali mumdima umene iwe ukanatha kuuchotsa ndi mawu ochepa n'kumubera ufulu umene Mulungu anamupatsa.

Mbali yathu ife otsala

Tisafulumire kuloza chala ana athu okha. Bodza la chithunzi limaphikidwa ndi anthu awiri, wotumiza ndi wolandira. Kodi si ife amene timayenda ndi foni m'mudzi monse kuonetsa anansi kuti wathu zikumuyendera? Kodi si ife amene timayerekeza mwana wathu ndi wa mnzathu amene watumiza malata? Kodi si ife amene timanong'onezana pamaliro za uje amene anabwera chimanjamanja? Kale tinali ndi dzina la anthu amene anapita osabweranso. Tinali kuwatcha matchona. Ambiri a iwo kwawo sanakuiwale. Chinawatsekereza ndi manyazi obwera opanda kanthu. Mwana akadziwa kuti kwawo kumalandiridwa nkhani yabwino yokha, adzatumiza nkhani yabwino yokha, ngakhale ali kugona m'nyumba yopanda khomo lothawira moto.

M'fanizo la mwana wolowerera, Ambuye Yezu atiuza za mnyamata amene anapita ku dziko lakutali, nabwerera ali ndi njala ndi nsanza. Bambo wake atamuona ali patali anamuthamangira, ndipo sanafunse za katundu. Banja lachikhristu liyenera kukhala malo amene mwana angathe kunena kuti zandivuta, osaopa kusekedwa. Pamene banja lotere liripo, chithunzi chonyenga chimasowa ntchito.

Nkhope za eni ake

Patsala chinthu chimodzi chokhudza zithunzi za m'misewu. M'zithunzi zotere mumakhala anthu: mayi wogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu, nkhalamba yopemphetsa, mnyamata wogona pakhonde la sitolo. Anthu amenewa ali ndi maina ndi abale, ndipo kawirikawiri palibe anawapempha. Ife timawawidwa mtima mlendo akaimitsa galimoto pamsika n'kuyamba kujambula ana athu ovala zong'ambika ngati akujambula anyani a m'phiri, osapereka ngakhale moni. Koma ifenso tikapita kwa eni timachita zomwezo, ndipo kwathu komwe kuno tachitapo zoposa. Mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi kusefukiza mitsinje kuno ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, anthu oposa 1,000 nafa kapena kusowa, zithunzi za mitembo ya abale athu, ina yosafunditsidwa n'komwe, zinali kuyenda pa mafoni. Mwambo wathu umati thupi la womwalira lifunditsidwe ndipo uthenga wa maliro uperekedwe ndi munthu, mwaulemu. Foni inatiiwalitsa zonsezi.

Pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Nicaea, mu 787, Eklezia anagamula mkangano waukulu wonena za zithunzi zoyera. Anaphunzitsa kuti ulemu umene tipereka kwa chithunzi umapitirira kukafika kwa mwini chithunzicho. Ndicho chifukwa chake timapsompsona mtanda pa Lachisanu Loyera, osaopa kuti tikupembedza mtengo. Koma ngati ulemu umapitirira chotero, chipongwe nachonso chimapitirira. Ndipo popeza munthu aliyense analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, chimene tichita ndi chithunzi cha mmphawi wa mumsewu chimakafika patali kuposa m'mene tiganizira.

Sindiri kunena kuti mavuto asamajambulidwe. Ernest Cole anajambula amuna amaliseche aja, ndipo dziko linaona nkhanza zimene boma linali kubisa. Zithunzi za midzi yokokoloka ndi Freddy zinathandiza kuti chithandizo chibwere. Chosiyanitsa ndi mtima wa wojambula: kodi waima pamodzi ndi wovutikayo, kapena wangopeza choonetsa anzake? Pa Njira ya Mtanda, pamalo achisanu ndi chimodzi, mwambo wa Eklezia umatikumbutsa za Veronica. Pa khamu lonse limene linali kuonerera tsiku lija, iye yekha ndiye anapita kwawo ndi chithunzi cha nkhope ya Ambuye. Komatu iye sanapite kukafuna chithunzi. Anapita kukapukuta thukuta ndi magazi, ndipo chithunzicho anachita kupatsidwa. Dongosolo lake ndi limenelo: poyamba moni, chifundo ndi chilolezo, chithunzi pambuyo.

Tichitenji tsono?

Kamera ndi mphatso yabwino. Imalola mayi wa ku Mulanje kuona nkhope ya mwana wake amene ali kutsidya kwa Limpopo, chinthu chimene makolo athu anali kuchidikira miyezi yambiri pa positi ofesi. Imatiphunzitsa za mizinda imene sitidzaipondamo, za luso la amisiri omanga ndi za zakudya za mitundu ina, ndipo m'zonsezi muli chifukwa chotamandira Mlengi. Palibe choipa kujambula nyumba yokongola kapena mbale yokoma. Chofunika n'chakuti amene wagwira foni akumbukire kuti ndi mboni.

Inu amene muli kunja, mukadziwa kuti mbale wanu ali kukonza ulendo chifukwa cha zithunzi zanu, muimbireni, mumuuze zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Inu amene mujambula m'misewu, ya kwanu kapena ya eni, yambani mwapereka moni ndi kupempha, ndipo munthu akakana, bwezani foni m'thumba. Inu a m'miphakati, pamene muchezera odwala ndi okalamba, muzichezeranso mabanja amene ana awo anabwezedwa kapena anabwera opanda kanthu, pakuti iwonso ali ndi bala.

Ndipo inu makolo, chithunzi china chikafika sabata ino, chiyamikireni ndithu, koma musalekere pomwepo. Mufunseni mwanayo kuti, "Kodi ukugona kuti? Muli angati m'chipindamo? Moto utabuka usiku, ungatulukire pati? Dzulo unadya chiyani?" Ndipo asanayankhe, muuzeni mawu amene ana ambiri a ku Joni ali kuwadikira osawamva: "Mwana wanga, zikakuvuta bwera. Ubwere ndi katundu kapena chimanjamanja, pakhomo pano ndi pako."